Poso, chipatala cha pamgodi, ndi mphasa ya kumudzi

Dera la Petauke ndi Nyimba lilibe mgodi waukulu wonga ya ku Kitwe kapena ku Hwange, koma matenda a m'migodi lakhala nawo kwa zaka zoposa 100. Golide wa ku Sasare, amene azungu anayamba kukumba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, sanalembe anthu ochuluka. Chimene dera lino linkatumiza kunja mochuluka chinali amuna: anyamata a kwa Kalindawalo, kwa Sandwe, kwa Nyamphande, kwa Ndake, kwa Nyalugwe ndi kwa Mwape. Ine ndakalambira m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi ya maboma awiriwa, ndipo ndikamva akuluakulu a m'maofesi akukamba zosamalira umoyo wa antchito ngati kuti ndi nzeru yobwera dzana, mtima umandiwawa. Nkhaniyi ndi yakale. Ife a kuno tinkaionera kumathero kwake, kumene wantchito ankafikira thupi litatha.

Chinawatulutsa m'midzi ndi msonkho. Kampani ya British South Africa itakhazikitsa ulamuliro wake, nyumba iliyonse inayenera kupereka ndalama, ndipo ndalama siinkamera m'munda wa mapira. Malo aakulu a chigawo chino anali m'manja mwa kampani ina, ya North Charterland. Ena ankakalima fodya m'mafamu a azungu cha ku Fort Jameson, koma malipiro ake anali a mchere chabe. Ambiri ankamanga kamba, n'kutsika ndi Luangwa mpaka ku Feira, kuwoloka Zambezi, kupyola chigwa chotentha cha mikango ndi kashembe, kulowera kumigodi ndi mafamu a ku Southern Rhodesia. Amene mphamvu kapena chakudya chinawathera m'njira ankagwa m'manja mwa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lomwe linayamba mu 1903. Ntchito yolembedwa mwa njira imeneyi ndiyo makolo athu ankaitcha chibalo, ndipo wachibalo sankasankha kopita: ankatumizidwa kumigodi imene anthu ena onse ankaikana.

Dokotala woyamba amene mwamuna wa kuno anakumana naye pa moyo wake kawirikawiri anali wa olemba ntchito. Ambuya anga aamuna, amene anapita kumeneko asanakwatire, ankasimba kuti onse ankawavula n'kuwaimika pamzere, akulu ndi ana omwe, chinthu chonyazitsa kwambiri kwa Mnsenga. Dokotala ankayenda ndi mzerewo, kugogoda pachifuwa, kukanula kukamwa, kutsina mnofu wa pamkono, monga momwe timayang'anira ng'ombe yapagoli tisanaigule. Wopezeka ndi chilema kapena chifuwa sankapatsidwa mankhwala. Ankangouzidwa kuti abwerere kwawo. Ntchito ya dokotalayo inali kusefa, kuti kampani isawononge ufa pa munthu woti sakumba.

Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake la mu 1976 lotchedwa Chibaro, anafukula mmene moyo unalili m'makomboni a migodi ya kumeneko pakati pa 1900 ndi 1933. Matenda awiri ndiwo ankapulula anthu. Oyamba anali chibayo: munthu wochokera kotentha, wotuluka pansi thukuta lili kamukamu, ankagona m'chinyumba chodzaza anthu, chopanda zofunda zokwanira, m'chisanu cha June. Achiwiri anali matenda obwera chifukwa chosowa ndiwo zamasamba ndi zipatso, otupitsa nkhama mpaka kutuluka magazi, mano n'kumagwedera, miyendo n'kulefuka. Poso anali ufa ndi kamchere, nthawi zina tinyemba. Taganizani munthu wokulira pa chibwabwa, therere, kalembula, nshawa ndi masuku akudya nsima yosema mwezi ndi mwezi. Imfa zitachuluka, boma linakhazikitsa malamulo a poso, akuti pazikhala nyama ndi ndiwo zamasamba, koma eni migodi ing'onoing'ono ankawazemba. Zipatala za m'makomboni anthu ankaziopa, poti wolowamo sankatulukamo kawirikawiri. Chitetezo chenicheni cha amuna amenewa chinali kuuzana m'njira. Obwerera kumudzi akakumana ndi opita, ankakhala pansi pamtengo n'kuwerengerana migodi: uko kuli chikoti, uko ufa ndi wowola, uko nyama amapereka Loweruka.

Ku Joni zinafika poti mu 1913 boma la South Africa linaletsa bungwe lolemba antchito la Wenela kulemba anthu ochokera kumayiko otentha a kumpoto kuno, chifukwa chibayo chinkawapha mochititsa mantha. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. M'zaka zomwezo boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole a Ulere, onyamula ofuna ntchito osalipiritsa, okhala ndi malo ogona ndi chakudya m'njira. Anapulumutsa miyendo ndi miyoyo ya ambiri, izi n'zoona. Cholinga chake chinali chakuti munthu akafike ali ndi mphamvu zogwira ntchito, ndiponso asapatukire kwina.

Pamene zinthu zinasinthadi ndi ku Luanshya. Mgodi wa Roan Antelope ukutsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, malungo, kamwazi ndi chibayo zinkapha anthu mwakuti mbiri inamveka m'dziko lonse kuti mumtsinje wa Luanshya muli chinjoka chodya antchito. Anthu ankathawa usiku, olembedwa chatsopano ankatsika sitima isanafike. Akuluakulu a mgodi anayamba aitana mzungu wina wodziwana ndi Alamba, J. E. Stephenson, wotchuka ndi dzina loti Chirupula, kuti pamodzi ndi akulu a m'deralo achite mwambo wopepesa mizimu. Kenako mu 1929 anapempha thandizo ku Ross Institute ya ku London, ndipo Sir Malcolm Watson, amene anali atalimbanapo ndi malungo m'minda ya ku Malaya, anawakonzera ndondomeko. Sinali ya mapiritsi okha. Anthu mazanamazana anapatsidwa makasu, mafosholo ndi zikwanje. Anakumba ngalande zoumitsa madambo, anachotsa bango ndi mitengo yotsekereza mtsinje kuti madzi azithamanga, anathira mafuta pa zithaphwi zonse zoswera udzudzu, anakonza madzi akumwa ndi zimbudzi. Ofufuza amene anawerenganso mabuku a migodiyo pambuyo pake anapeza kuti m'zaka zitatu mpaka zisanu, kudwala ndi kufa ndi malungo kunatsika ndi 70 mpaka 95 pa 100 alionse.

Ine monga munthu wa zachipatala ntchito imeneyi ndimaivulira chipewa. Mpaka lero ndimauza achinyamata athu a zaumoyo kuti khasu lingaphe udzudzu wochuluka kuposa jakisoni. Komabe tisaiwale kuti masikito, waya wa m'mawindo ndi kwinini zinkayambira kunyumba za azungu. Tisaiwalenso chimene chinatsegula chikwama cha kampani: mkuwa sukanatuluka pansi anthu akuthawa. Umoyo wa wantchito unalowa m'bajeti tsiku limene imfa yake inayamba kudula kuposa kumusamala.

Zina zonse zimene zinabwera pambuyo pake antchito anachita kulimbanira. Mu 1931 ku Roan Antelope komweko kunayamba dongosolo la akulu a mitundu, oti Ansenga akhale ndi wamkulu wawo, Abemba wawo, Alozi wawo, woweruza timilandu, kuzonda odwala ndi kulandira alendo ochokera kumudzi. Koma wamkulu wotere sakanakweza malipiro kapena kuwonjezera nyama pa poso. Pa sitiraka ya mu 1935 anthu 6 anawomberedwa n'kufa ku Luanshya. Pa ya mu 1940 anafa 17 ku Nkana. M'madandaulo a nthawi zonse ziwirizi munali malipiro, poso ndi kunyozedwa pantchito. Mu 1949 kunabadwa bungwe la antchito a m'migodi lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo mu 1953 antchito anavota kuti za akulu a mitundu zithe. Kuyambira pamenepo nyumba zokhalamo mabanja, zipatala za amayi ndi ana, maholo a masewera ndi penshoni zinakhala nkhani zokambirana patebulo, osati mphatso za bwana.

Pali chinthu china chimene palibe kampani inachilemba m'mabuku ake, koma chinagwira anthu mitima kuposa holo iliyonse: chimbuya. Munthu wa kum'mawa akafera kumigodi, kutali ndi mbumba yake, Abemba ndiwo ankakumba manda, kunyamula bokosi, kuphika, ndi kuseka ofedwa powapaka ufa kumaso mpaka misozi iphwe. Mbemba akafa, a kum'mawa ankabweza. Ku Southern Rhodesia nako a kwathu ankasonkherana m'timabungwe ta maliro kuti mnzawo asaikidwe ngati galu. Lero za mtendere wa mumtima wa antchito amazikambira m'mahotela. Makolo athu anazipeza okha, ndi ufa wa m'lichero.

Tsono fumbi. Wobowola mwala pansi pa nthaka amapuma tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene timakakhala m'mapapo n'kuwaumitsa pang'onopang'ono. Matendawa alibe mankhwala, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Choipa chake china n'chakuti amachedwa kuonekera: munthu angathe kusiya ntchito ali bwinobwino, n'kudzayamba kubanika patapita zaka. Pofika mu 1950 boma la Northern Rhodesia linali ndi lamulo la matendawa ndi ofesi younika mapapo a antchito ku Kitwe, imene lero ndi Occupational Health and Safety Institute. Wopezeka ndi fumbi ankachotsedwa pansi, kupatsidwa chipepeso, ndipo nthawi zambiri ankabwerera kwawo. Wolemba mbiri wina, Randall Packard, anaonetsa za ku South Africa kuti kubweza odwala kumidzi kunkachepetsa chiwerengero cha imfa m'mabuku a migodi, kwinaku kukufesa chifuwa chachikulu kumidziko. Zimene analembazo ife tinaziona ndi maso.

Amalume anga anabwera kuchokera kumgodi wina wa ku Copperbelt ndili mnyamata wa sukulu. Anatsika basi pamsewu waukulu ndi sutikesi yachitsulo, wailesi ndi njinga yatsopano, ndipo mudzi wonse unati mtchona wabwera ndi chuma. Kwathu mwamuna akatopa amabwerera kwa alongo ake, choncho anafikira pakhomo pa amama. Njinga ija anaikwera mwezi umodzi wokha. Posakhalitsa ulendo wochoka pakhonde kukafika kukhola unkafuna kupuma kawiri, atagwira mtengo, mapewa akukwera ndi kutsika. Usiku sankagona chagada. Amama ankawatsamiritsa ku thumba la nshawa, n'kuwaikira pambali chitini cha phulusa cholavuliramo. Ine ndinkagona chipinda choyandikana, ndipo ndinkamva mpweya wawo ukulira ngati ukudutsa pa kabowo. M'sutikesi muja munali khadi lokutidwa bwino m'pulasitiki, lonena kuti azipita ku Kitwe kukaunikidwa. Kuchoka ku Petauke kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 400, ndipo kuchoka ku Lusaka kukafika ku Kitwe ndi enanso oposa 350. Munthu wolephera kufika kukhola akanayenda bwanji ulendo umenewo?

"Mlongo wanga, ndakulemetsa," ankatero amama akamawasambitsa.

"Khalani chete, achimwene. Mukanapita kwa yani?"

Chifuwa chachikulu chitalowerera, tinawanyamula pangolo kupita ku chipatala cha mishoni ku Minga, kumene masisitere anawasamala mpaka chifuwacho chinagonja. Fumbi lokha linatsala. Chaka chimenecho amama sanapalire munda wonse, ndipo nkhokwe inatha Khirisimasi isanafike. Kumgodi kuja amalume anali ndi chipatala chaulere, chipewa cholimba, jombo ndi timu ya mpira yoichemerera. Zonsezo zinatsala pageti. Zaka zawo zomaliza, zimene zinali zodula kuposa zonse, analipira ndi mayi wosadziwa kulemba, amene sanaonepo mgodi chibadwire. M'midzi ya Petauke ndi Nyimba munali amayi otere ambirimbiri, ndipo ndikamawerenga mbiri yotamanda chisamaliro cha m'migodi ndimafunafuna dzina lawo osalipeza.

Sindikufuna kunyoza zabwino zimene zinalipo, makamaka dziko litalandira ufulu. Boma la Kaunda linaletsa Wenela kulemba anthu mu Zambia mu 1966. Ngozi sizinathe: ku Mufulira mu September 1970 matope anakwirira anthu 89, ndipo ku Wankie, kumene lero timati ku Hwange, mu June 1972 kuphulika kwa pansi kunapha anthu oposa 400, ena mwa iwo a mayiko oyandikana nawo. Koma pamene kampani ya migodi ya boma ya ZCCM inkapangidwa mu 1982, wantchito wa pamgodi anali ndi chisamaliro chimene mlimi wa kuno ankangochimva ngati nthano: nyumba, madzi ndi magetsi, sukulu, zipatala zabwino koposa m'dziko, ufa wotsika mtengo, matewera a khanda, ngakhale bokosi la maliro. Matimu a Mufulira Wanderers, Nkana, Nchanga Rangers ndi Roan United anakulira m'manja mwa migodi. Ife a kumudzi tinkadyako nawo: mwana wodwaladwala ankatumizidwa kwa amalume ake kumigodi kuti akalembedwe ngati wa pakhomo pawo.

Zonsezi zinali zomangirira pa mtengo wa mkuwa. Utagwa, zinagwa nazo. Mgodi wa Luanshya unagulitsidwa mu 1997, ina ikuluikulu mu 2000, ndipo ogula ankafuna mkuwa, osati matauni oti aziwadyetsa. Anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito. Tinawaona akutsika mabasi pa Nyimba ndi pa mphambano ya Petauke ndi mipando ya sofa, mafiriji opanda poti n'kulumikiza, ndi ana akuluakulu olankhula Chibemba chokhachokha, osadziwa kugwira khasu. Ambiri anali ndi BP ndi shuga, matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku, amene kuchipatala cha pamgodi ankangotenga pawindo. Kwa ife ankapeza shelefu ili mbee.

Nthawi yomweyo edzi inali itafika pachimake. Kaunda anaulula poyera mu 1987 kuti mwana wake anamwalira ndi matendawa, koma m'malo ambiri a ntchito munapitirira kukhala chete kwa zaka zina khumi. Wodwala ankangowonda, kujomba, kenako kupumitsidwa, ndipo njira inali yomwe ija yakale: basi ya kum'mawa, mphasa ya kwa alongo ake. Amayi a m'mipingo, a Chigwirizano ndi a m'miphakati, ndiwo ankayenda khomo ndi khomo ndi sopo ndi phala. Olemba ntchito anadzidzimuka ataona kuti aphunzitsi, madalaivala ndi amisiri akutha msanga kuposa mmene angaphunzitsire ena. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 makampani ndi maunduna anayamba kukhala ndi ndondomeko za edzi pantchito, ndipo mu 2005 boma linayamba kupereka ma ARV ulere.

Pa zonse zimene ndaona, ndondomeko imodzi yokha ndiyo inayenda chobwerera, kuchoka kukampani kubwera kumudzi, ndipo inabwera ndi thonje. Kampani ya boma ya Lintco itagulitsidwa mu 1994, malonda a thonje analowa m'manja mwa makampani monga Lonrho ndi Clark Cotton, kenako Dunavant inatenga malo a Lonrho. Dunavant inkagwira ntchito kudzera mwa alimi osankhidwa m'midzi, madisitiribyuta, ogawa mbewu ndi mankhwala pangongole ndi kusonkhanitsa thonje. Chapakati pa zaka za m'ma 2000, mogwirizana ndi bungwe la CHAMP ndiponso ndi thandizo la boma la America, anthu omwewo anaphunzitsidwa kukamba za edzi ndi alimi anzawo, ndipo oyeza magazi ankafika kumidzi. Mlimi wa thonje sali pa mndandanda wa malipiro wa kampani, alibe nambala ya ntchito, koma kampani inaona kuti akagona pamphasa, munda ugonanso ndipo ngongole sibwera.

Ndinaona ndekha chimene chinachitika tsiku lina pamsika wa thonje. Hema woyezera magazi anamangidwa chapafupi ndi sikelo. Amuna amene kuchipatala kwathu sankapondako, amene ankati chipatala n'cha azimayi ndi ana, anali pamenepo kuyambira m'mawa, atakhalira mabelo awo kudikira kuyeza thonje. Amene ankawalankhula sanali ine wa yunifomu, koma mnzawo wolima naye m'malire, amene anayamba ndi kunena kuti iye wayezetsa kale. Mkulu wina anaimirira, nakung'untha fumbi la thonje pa thalauza, nati, "Tiyeni, amuna anzanga, thonje tayeza, tikayezetsenso mwini thonje." Anamutsatira angapo, ena akuseka mwamanyazi. Masabata otsatira ena a iwo anabwera kuchipatala ndi akazi awo. Zimene ife tinalephera ndi zikwangwani zinatheka chifukwa nkhaniyo inawapeza pamalo pawo pa ntchito, pakati pa anzawo.

Ndondomeko zotere zinali ndi malire ake. Zinkadalira ndalama za mayiko akunja, makampani a thonje anasinthana manja, ndipo zinkayang'ana nthenda imodzi. Ngozi ya tsiku ndi tsiku ya mlimi wa thonje ili m'botolo la mankhwala opopera. Mpaka lero mudzaona mnyamata akupopera atavala kabudula, wopanda nsapato, mphepo ikumubwezera mankhwala kumaso, ndipo botolo likatha limatsukidwa n'kukhala la mchere kapena la mafuta ophikira. Kuchipatala amafika ndi mutu, chizungulire ndi kusanza, ndipo nthawi zambiri amayamba ayezedwa malungo.

Lero malamulo alipo, ndipo ndi abwino. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la mu 2010 linati pamalo pamene pali antchito 10 kapena kuposerapo pakhale komiti yoona za chitetezo. Lamulo la ntchito la mu 2019 limalamula olemba ntchito kukhala ndi ndondomeko ya edzi ndi ya umoyo wa antchito. Inshuwalansi ya NHIMA imadula 1 pa 100 ya malipiro a wantchito, wolemba ntchito n'kuwonjezera 1 ina. Koma werengani amene malamulowa amawafikira ku Petauke ndi ku Nyimba: aphunzitsi, anamwino, apolisi, a kukhonsolo, a kubanki, ndi a m'masitolo akuluakulu ochepa. Mayi wogulitsa nthochi pamsewu pa Nyimba, mnyamata wonyamula anthu panjinga, waganyu wokolola soya, wotentha makala, onsewa alibe geti loti n'kulowapo m'mawa. Chitetezo chawo ndi chilimba, mpingo ndi achibale. Anyamata okumba golide m'mapiri akusinja miyala youma m'mitondo yachitsulo, nkhope zili mbuu ndi fumbi lomwe lija, ndipo awa alibe ngakhale khadi la m'pulasitiki.

Pali ntchito imodzi imene ingayambike chaka chino. M'midzi yathu mukadali madala amene anagwira ntchito pansi pa nthaka m'masiku a ZCCM, ndipo lamulo limawapatsa ufulu wounikidwa mapapo ndi kulandira chipepeso akapezeka ndi fumbi kapena chifuwa chachikulu. Ambiri sapita chifukwa cha mtunda ndi ndalama ya basi. Tsopano tili ndi chipatala chachikulu cha Kalindawalo, ndiponso zipatala za boma pa Petauke ndi pa Nyimba. Ndikupempha makhansala ndi aphungu athu akambirane ndi a ofesi younika mapapo ya ku Kitwe kuti ounika azibwera kuno pa masiku oikika chaka chilichonse, ndipo okumba golide aunikidwe nawo limodzi. Kupeza mayina sikungavute. Nyakwawa iliyonse imadziwa nyumba imene muli mdala wa kumigodi wokhosomola usiku, ndipo mndandanda ungathe kufika kwa mfumu yaikulu mvula isanagwe.